Akumba Phula ku Alberta, Nanga Dzenje Adzakwirira Ndani?

Kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, madzi oipa okwana malita 5.3 miliyoni adasefukira pa mgodi wa mchenga wa phula wa Kearl, kumpoto kwa chigawo cha Alberta m'dziko la Canada. Mgodiwu ndi wa kampani ya Imperial Oil, yomwe mwini wake wamkulu ndi ExxonMobil ya ku America. Nkhaniyi itangomveka, padavumbuluka inanso yomwe idakhala ikubisidwa kwa miyezi isanu ndi inayi: kuyambira Meyi 2022, madzi a m'damu la zinyalala za mgodiwo ankadutsa pansi pa nthaka n'kumatumphukira m'madambo oyandikana nawo. Kampani inkadziwa. Bungwe la boma loyang'anira migodi ndi mafuta, la Alberta Energy Regulator, nalonso linkadziwa. Omwe sadauzidwe zenizeni ndi anthu a ku Fort Chipewyan, mudzi wa anthu pafupifupi 1,000 omwe amatunga madzi, kuwedza nsomba ndi kusaka nyama kumunsi kwa mtsinje wa Athabasca. Mtundu wa Athabasca Chipewyan, womwe mfumu yake ndi a Allan Adam, udachita kuchenjeza anthu ake kuti asadye nyama ndi nsomba zomwe adagwira m'deralo kuyambira mwezi wa Meyi uja. Mu Ogasiti 2024 bungwe la boma lija lidalipitsa Imperial chindapusa cha madola 50,000 a ku Canada. M'chaka cha 2022 chokha kampaniyo idapha phindu la madola 7.3 biliyoni.

Ambiri akamadzudzula migodi ya mchenga wa phula amathamangira ku nkhani ya kusintha kwa nyengo, ndipo sakulakwa: ntchitoyi imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko woposa matani 80 miliyoni pachaka. Koma mlandu womwe eni migodi safuna kuumva ndi wa ndalama. Bizinesi imeneyi imaoneka ya phindu chifukwa gawo lalikulu la mtengo wake silinalipidwebe. Adalikankhira kutsogolo, kwa anthu a kumunsi kwa mtsinje ndi kwa ana a ku Alberta omwe sanayambe n'komwe kukhoma msonkho. Ndipo boma lomwe limayenera kutolera chikole cha ngongoleyi lakhala likulekerera kwa zaka zoposa makumi asanu.

Mchenga wa phula ndi chisakanizo cha mchenga, dongo, madzi ndi phula lakuda, la mtundu womwewo lomwe amathira m'misewu. Pa makilogalamu 100 a mchengawu, phula limangokhala makilogalamu 10 kapena 12. Umapezeka m'madera atatu, Athabasca, Cold Lake ndi Peace River, pansi pa nkhalango ndi madambo a masikweya kilomita pafupifupi 142,000, dera lalikulu kuposa dziko lonse la Malawi kuphatikizapo nyanja. Mafuta omwe angathe kutulutsidwa mmenemo ndi migolo pafupifupi 160 biliyoni, ndipo tsiku lililonse pamatuluka migolo yoposa 3 miliyoni.

Eni nthaka, a mitundu ya Cree ndi Dene, ankalidziwa phulali kalekale. Ankamatira nalo mabwato awo. Mu 1719 munthu wina wa mtundu wa Cree, dzina lake Wa-pa-su, adatengako pang'ono n'kukaonetsa azungu a kampani ya Hudson's Bay ku York Factory. Padapita zaka mazana awiri kuti papezeke njira yolekanitsira phula ndi mchenga. Adaipeza ndi katswiri wa boma la Alberta, Karl Clark, yemwe mu 1929 adalembetsa luso lotsuka mchengawu ndi madzi otentha. Mgodi woyamba waukulu udatsegulidwa mu 1967 pafupi ndi tauni ya Fort McMurray ndi kampani ya Great Canadian Oil Sands, yomwe lero ndi Suncor. Syncrude idatsatira mu 1978. Luso la Clark likugwirabe ntchito mpaka pano, ndipo vuto lomwe lidabadwa nalo likadali pomwepo.

Pomwe mchengawu uli pafupi, osapitirira mamita 75 kuchokera pamwamba, amachita kukumba. Amayamba n'kugwetsa nkhalango, kuphwetsa madambo ndi kupalasa dothi lonse la pamwamba. Kenako chimakina chokumba chimatapa matani pafupifupi 100 nthawi imodzi n'kukhuthulira m'malole a mtundu wa Caterpillar 797, omwe amasenza matani oposa 350 ulendo umodzi. Tayala limodzi la lole yotereyi ndi lalitali mamita anayi, ndipo dalaivala amakwera masitepe kuti akafike pampando wake. Ntchito siima usana ndi usiku, ngakhale m'miyezi yomwe kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, mchenga utauma gwa. Ukaphwanyidwa, amausakaniza ndi madzi otentha n'kuupopa m'mapaipi kupita m'matanki aakulu. Mmenemo phula limamatirira ku mpweya n'kuyandama lili thovu lakuda, mchenga n'kutitimira pansi. Kuti patuluke mgolo umodzi wa mafuta, wa malita 159, pamakumbidwa mchenga wolemera pafupifupi matani awiri, osawerengera dothi la pamwamba lija.

Phula lambiri, magawo anayi mwa asanu, lili pansi kwambiri moti makina okumba sangalifike. Limenelo amalisungunula lili momwemo. Njira yotchuka adaiyambitsa ndi injiniya Roger Butler: amaboola zitsime ziwiri zoyenda chopingasa, china pamwamba pa chinzake motalikirana mamita asanu. M'chapamwamba amapopamo nthunzi, phula limasungunuka n'kutsikira m'chapansi, n'kulikoka. Malo oyamba kuchita izi pa malonda anali Foster Creek mu 2001, ndipo lero phula loposa theka limatuluka m'njira za nthunzi. Sizisiya madamu a matope, n'zoona. Koma nthunziyo amaiphika ndi gasi wambiri zedi, kutanthauza kuti amawotcha mafuta oyerako kuti atulutse mafuta akuda.

Phula likatuluka silinakhale mafuta ayi. Ndi lolemera, ladzaza salfa, ndipo likazizira siliyenda m'paipi. Apa ndi pomwe pamalowera mafakitale osinthira phula kukhala mafuta opepuka. Ku Suncor ndi ku Syncrude amalitenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 500. Pa kutentha kotere phula limasweka, mafuta opepuka amatuluka ali nthunzi, n'kutsala makala akuda otchedwa petcoke. Ku Suncor makalawa amaundana m'ziwiya zachitsulo zazitali, ndipo amachita kuwadula ndi madzi amphamvu kuti atuluke. Ku Scotford, pafupi ndi mzinda wa Edmonton, amatsata njira ina, yowonjezera haidrojeni m'phulamo. Njira zonsezi zimathera pa kuchotsa salfa, ndipo pafupi ndi fakitale ya Syncrude pali milu ya salfa wachikasu, yoyalidwa masitepemasitepe, yaitali ngati nyumba zosanja, ikudikira msika. Chomwe chimatuluka pamapeto ndi mafuta abwino osayenga, omwe fakitale yoyenga iliyonse ingawalandire n'kupangira petulo, dizilo ndi mafuta a ndege.

Andale a ku Alberta akhala akulonjeza kuti mafakitale amenewa adzachuluka, kuti ntchito zabwino zikhale kwawo komweko. Sizidatheke. Fakitale imodzi imadya mabiliyoni ambiri, ndipo mafakitale oyenga a ku America adakonzeka kale kulandira mafuta olemera. Choncho phula losinthidwa ku Alberta silikwana theka. Lotsalalo amalisukulutsa ndi mafuta opepuka, pafupifupi magawo atatu mwa khumi, n'kulikankha m'mapaipi kupita kummwera. Mu Julaye 2010 paipi ya kampani ya Enbridge idaphulika pafupi ndi tauni ya Marshall ku Michigan, ndipo malita oposa 3 miliyoni a chisakanizochi adataika, ambiri n'kukalowa mumtsinje wa Kalamazoo. Mafuta opepuka aja adauluka, phula n'kumira. Oyeretsa omwe adazolowera kuwengula mafuta pamwamba pa madzi adachita kukumba pansi pa mtsinje kwa zaka zingapo, ndipo ntchitoyo idadya madola oposa 1 biliyoni a ku America. Mu 2013 anthu a ku Detroit adaona phiri la petcoke wochokera ku phula lomweli litaunjikidwa m'mbali mwa mtsinje wawo, fumbi lake likulowa m'nyumba.

Funso lomwe aneneri a makampani amalizemba ndi la madzi otentha aja. Akamaliza kutsuka mchenga amatuluka atasakanikirana ndi dongo, phula lotsalira, mchere, asidi wa mtundu wa naphthenic yemwe amapha nsomba, ndi ziphe zina monga aseniki ndi mekyule. Lamulo silirola kuwathira mumtsinje, choncho amawasunga m'madamu. Mchenga umakhazikika msanga, madzi a pamwamba amawagwiritsanso ntchito, koma pakati pamatsala matope a dongo losalala omwe sauma komanso salimba. Akasiyidwa okha angatenge zaka makumimakumi, mwinanso mazana, kuti munthu apondepo. Matope oterewa lero apitirira malita 1.4 thililiyoni, ndipo madamu ake atenga malo pafupifupi masikweya kilomita 300.

Pamwamba pa madamuwa pamayandama zidole zovala malaya a mtundu wa lalanje zoopsezera mbalame, ndipo m'mphepete muli mizinga ya gasi yomwe imaphulika pafupipafupi, usiku ndi usana. Dera limeneli lili panjira ya mbalame zoyenda maulendo ataliatali, ndipo kwa bakha wotopa damu la matope limaoneka ngati nyanja ina iliyonse. Mu Epulo 2008 mizinga ya pa damu la Aurora la Syncrude inali isanaikidwe, ati chifukwa cha chipale chofewa chomwe chidagwa mochedwa. Abakha 1,606 adatera, phula lidawamata mapiko, adafa. Khothi lidalipitsa kampaniyo madola 3 miliyoni mu Okutobala 2010, ndipo sabata isanathe mbalame zina mazana zidafera pa madamu a m'deralo. Dziko lonse lidalira abakhawo, zithunzi zawo zidazungulira m'manyuzipepala. Chodabwitsa n'choti anthu a ku Fort Chipewyan, omwe adakhala akudandaula za madzi kwa zaka zambiri, sadamvedwe ngati mmene adamvedwera abakha.

Malonjezo oyeretsa achitika ambiri. Mu 2009 boma la Alberta lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Directive 074, lokakamiza makampani kuchepetsa matope chaka ndi chaka. Makampani adalephera kufika pa mlingowo, palibe yemwe adalipitsidwa, ndipo mu 2015 lamulolo lidaimitsidwa. Ophunzira atalakwa mayeso, boma lidafafaniza mayesowo. Mu 2010 Suncor idaitana atolankhani kudzaona damu lake loyamba, la mahekitala 220, litakwiriridwa n'kubzalidwa mitengo. Adalipatsa dzina la Wapisiw Lookout, pokumbukira Wa-pa-su uja. Zomwe sizidamveke kwambiri n'zoti matope ofewa a m'damumo adangowapopera m'madamu ena. Syncrude nayo kuyambira 2012 ikuyesa njira yake pa Base Mine Lake: kuthira matope m'dzenje la mgodi wakale, kuwaphimba ndi madzi, n'kumayembekezera kuti tsiku lina padzakhala nyanja yamoyo. Mpaka lero akuyesabe. Malo omwe boma lidapereka chiphaso chakuti abwezeretsedwa mokwanira ndi Gateway Hill, mahekitala 104, mu 2008. Ndi sikweya kilomita imodzi yokha pa malo pafupifupi 1,000 omwe migodi yasokoneza, ndipo malowo sanali damu la matope n'komwe. Pomwe izi zikuchitika, bungwe la Commission for Environmental Cooperation, lomwe ndi la mayiko a Canada, America ndi Mexico, lidanena mu 2020 kuti pali umboni wa sayansi wakuti madzi a m'madamuwa akulowa m'madzi a pansi pa nthaka.

Tsono nkhani ya chikole. Aliyense wopatsidwa chilolezo cha mgodi amayenera kusungitsa ndalama kuboma, kuti akadzagwa kapena kuthawa pakhale chokonzera malowo. Ngakhale ku Kayelekera m'boma la Karonga, kampani ya Paladin idaika chikole cha madola 10 miliyoni a ku America pa mgodi wa yureniyamu. Ku Alberta dongosolo lake, lotchedwa Mine Financial Security Program, lidayamba mu 2011, ndipo yemwe adalilemba anali wokoma mtima kwa makampani modabwitsa. Kampani imaika kandalama kochepa koyambira. Ikaonetsa kuti phula lomwe latsala pansi lili ndi mtengo woposa katatu mtengo woyeretsera, siifunsidwanso kanthu mpaka mgodi utatsala zaka pafupifupi 15 kuti uthe. Kunena mwachindunji, chikole ndi phula lomwelo lomwe silinakumbidwe.

Woumba njerwa akabwereka malo, mwini malo wanzeru amafunsa ndalama yokwiririra dzenje njerwa zisanapse. Ku Alberta mwini malo wavomera kuti chikole chikhale dothi lomwe likadali m'dzenjemo. Nanga msika wa njerwa ukadzatha, dothilo adzagulitsa kwa yani? Tsiku lomwe mafuta adzagwe mtengo mpaka kampani kulephera kuyeretsa ndi tsiku lomwelo lomwe chikolecho chidzakhale chopanda pake.

Manambala ake ndi awa. Mu 2024 bungwe loyang'anira lija linkati kuyeretsa migodi ya m'chigawochi kudzafuna madola oposa 50 biliyoni, pomwe chikole chomwe boma lidasunga sichinkafika 2 biliyoni. Chiwerengero cha 50 biliyonicho chimachokera kwa makampani eni ake. Mu 2018 atolankhani adapeza zomwe mkulu wina wa bungwe lomwelo adauza msonkhano wa m'chipinda chomata, zoti mtengo weniweni pa migodi yokha ungafike 130 biliyoni. Bungwelo lidayankha kuti kumeneko kunali kungoyerekeza zitavutitsitsa. Mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma la Alberta adachenjeza za dongosolo limeneli mu 2015, n'kubwerezanso mu 2021 kuti palibe chogwirika chomwe chachitika. Kodi makampani alibe ndalama? Mu 2022 makampani anayi, Canadian Natural, Suncor, Imperial ndi Cenovus, adapeza phindu loposa madola 30 biliyoni pamodzi, ndipo ndalama zambiri zidapita kwa eni masheya. Phindu la chaka chimodzi likadakwirira theka la ngongole yomwe iwo eni amavomereza.

Wina angati uku n'kuopa mthunzi, makampani aakulu chonchi sangathawe. Alberta yomweyo ili ndi yankho. Zitsime zikwizikwi za mafuta wamba zidasiyidwa ndi makampani omwe adagwa, ndipo amazitcha zitsime zamasiye. Nkhaniyi idafika ku khothi lalikulu la Canada pa mlandu wa Redwater, lomwe mu 2019 lidagamula kuti kampani yogwa iyambe yakonza malo isanalipire mabanki. Chigamulo chabwino, koma sichibala ndalama pomwe palibe. Mu 2020 boma lalikulu la Canada la ku Ottawa lidatulutsa madola 1.7 biliyoni a okhoma msonkho kuti atseke zitsime zosagwira ntchito m'zigawo zitatu za kumadzulo. Chitsime chimodzi ndi kabowo chabe poyerekeza ndi damu la matope.

Oikira kumbuyo migodiyi ali ndi mfundo zawo, ndipo zina ndi zolemera. Anthu zikwi makumimakumi amadyera pamenepa, ena amachita kukwera ndege kuchokera ku Newfoundland, kumalekezero a kummawa kwa dzikolo, kudzagwira masabata angapo n'kubwerera. M'chaka cha boma cha 2022 mpaka 2023, phula lidalowetsa pafupifupi madola 17 biliyoni m'thumba la Alberta, ndalama zomwe zimalipira aphunzitsi ndi anamwino. Ngakhale eni nthaka salankhula chimodzi. Mtundu wa Fort McKay uli ndi makampani ake omwe amagwira ntchito m'migodi, ndipo mu 2017 iwo pamodzi ndi a Mikisew Cree adagula magawo 49 pa 100 a malo osungira mafuta a Suncor pa mtengo wa madola 503 miliyoni. Wowanyoza ayambe waganiza kuti munthu yemwe nkhalango yake yosakamo idazingidwa ndi migodi mbali zonse akadachita chiyani. Koma ntchito ndi misonkho sizifafaniza ngongole. Zimangosonyeza kuti ndalama zolipirira zidalipo.

Ndipo ndalamazo zidapita kuti? Mu 1976 mtsogoleri wa chigawochi, Peter Lougheed, adakhazikitsa thumba la Heritage Fund, loti magawo 30 pa 100 a ndalama za mafuta azisungidwa mmenemo. Omutsatira adasiya kuikamo mu 1987. Mu 1997 boma lidatsitsa msonkho wa phula kufika pa gawo limodzi pa 100 mpaka kampani itabweza zonse zomwe idalowetsa, ndipo makampani adakhamukira. Mu 2006 mtsogoleri wina, Ralph Klein, adagawira munthu aliyense wa m'chigawocho madola 400, anthu n'kuwomba m'manja. Alberta imanyadira kuti ilibe msonkho wake wa pa zogula. Mitengo ya mafuta itagwa, m'chaka cha 2015 mpaka 2016, phula lidangolowetsa madola 1.2 biliyoni ndipo boma lidathamangira kukongola. Mu 2024 m'thumba la Lougheed munali madola osafika 30 biliyoni. Dziko la Norway lidaika ndalama zoyamba m'thumba lake la mafuta mu 1996, patadutsa zaka makumi awiri, koma chaka chomwecho cha 2024 munali madola oposa 1.5 thililiyoni a ku America. Mu 2020 thumba la Norway lomwelo lidachotsa ndalama zake m'makampani anayi aja chifukwa cha mpweya woipa.

Mfundo zikatha pamabwera nyimbo yakuti mafuta a ku Canada ndi a chilungamo, popeza amachokera m'dziko la demokalase pomwe ena amachokera kwa olamulira ankhanza. Demokalase ndi yabwino, koma siuza nsomba za mu Athabasca kuti asidi uyu ndi wa dziko laufulu. Mu 2019 boma la Alberta lotsogozedwa ndi Jason Kenney lidatsegula ofesi yapadera, Canadian Energy Centre, yopatsidwa madola 30 miliyoni pachaka kuti izilimbana ndi odzudzula. Nkhondo yake yotchuka inali ya mu 2021, yolimbana ndi katuni ya ana ya pa Netflix yotchedwa Bigfoot Family, ati inkanyoza makampani a mafuta. Boma lomwe lidalephera kutolera chikole lidapeza mphamvu zokalipira katuni.

Bizinesi yomwe imadzitama kuti imaima payokha yasenzedwanso kambirimbiri ndi okhoma msonkho. Kampani ya Kinder Morgan itafuna kuisiya ntchito yokulitsa paipi ya Trans Mountain yopita ku gombe la Pacific, boma la Canada lotsogozedwa ndi Justin Trudeau lidaigula mu 2018 pa madola 4.5 biliyoni. Idatsegulidwa mu Meyi 2024 ntchito yokulitsayo itadya pafupifupi 34 biliyoni. Kenney adabetcha ndalama za chigawo pa paipi ya Keystone XL, Joe Biden n'kulanda chilolezo chake mu Januwale 2021, ndipo madola pafupifupi 1.3 biliyoni adalowa m'madzi. Makina a Quest okwirira mpweya wa kaboni pansi pa nthaka ku Scotford, omwe amakwirira pafupifupi matani 1 miliyoni pachaka, adamangidwa ndi madola 745 miliyoni a Alberta ndi 120 miliyoni a Ottawa. Makampani asanu ndi limodzi a mgwirizano wa Pathways Alliance adalengeza ntchito yaikulu ya mtundu womwewo ya madola 16.5 biliyoni, nawonso akutambasula dzanja kuboma. Mu Juni 2024 nyumba ya malamulo itavomereza lamulo lakuti kampani yodzitama za chilengedwe izipereka umboni, mgwirizanowu udafufuta zonse zomwe udalemba pa tsamba lake la pa intaneti. Anthu adadziwira pomwepo kuti ankapakidwa phula m'maso.

Ku Fort Chipewyan ngongoleyi siwerengedwa m'madola. Makolo a anthuwa adasaina pangano la Treaty 8 mu 1899, lomwe lidawalonjeza ufulu wosaka ndi kuwedza. Mu 2006 dokotala John O'Connor adalankhula poyera kuti akuona khansa yachilendo ya m'njira za ndulu m'mudzi waung'ono chonchi. M'malo mofufuza madzi, madokotala a unduna wa zaumoyo adakamusumira ku bungwe la madokotala kuti akuopseza anthu popanda chifukwa, ndipo mlanduwo udamukolera mpaka 2009. Chaka chomwecho kafukufuku wa Alberta Cancer Board adapeza matenda a khansa 51 pomwe pankayembekezeka 39, n'kupempha kuti pachitike kafukufuku wozama. Palibe yemwe watsimikizira kuti migodi ndiyo ikuyambitsa khansayi, ndipo makampani amakonda kukumbutsa zimenezi. Koma umboni ungapezeke bwanji kafukufuku asakuchitika? Boma la Ottawa lidalengeza ndalama zake, madola pafupifupi 12 miliyoni kwa zaka khumi, mu Ogasiti 2024, patatha zaka 15. Pakatipa akatswiri odziimira paokha ndiwo adagwira ntchito. Erin Kelly ndi David Schindler a ku yunivesite ya Alberta adaonetsa mu 2009 ndi 2010 kuti ziphe zochokera m'mafakitale zimagwera pa chipale chofewa n'kukalowa mumtsinje chikasungunuka, pomwe boma linkati zonse ndi zachilengedwe. Mu Januwale 2024 akatswiri a boma la Canada ndi a ku yunivesite ya Yale, omwe adayeza mpweya ali m'ndege, adapeza kuti utsi wina woipitsa mpweya ndi wochuluka kuwirikiza ka 20 mpaka 64 kuposa zomwe makampani amalemba m'malipoti.

Ochenjera adayamba kale kulongedza. Statoil ya ku Norway idagulitsa zake mu 2016, Shell idagulitsa gawo lalikulu mu 2017, Teck idabweza pempho lake la mgodi wa Frontier mu 2020, TotalEnergies idachoka mu 2023. Migodi yatsala m'manja mwa makampani ochepa, ambiri a ku Canada komweko, omwe chuma chawo chonse chatsamira pa phula lomweli.

Pano makampaniwa akufuna chinthu chimodzi: malamulo owalola kusefa madzi a m'madamu n'kuwathira mu Athabasca. Akuti popanda kutero madamu sangatsekedwe, ndipo maboma a Alberta ndi Ottawa akukambirana mlingo wake. Mwina tsiku lina madziwo adzayenera kutuluka ndithu, pakuti sangakhale m'madamu mpaka kalekale. Koma aka ndi koyamba m'zaka zambiri kuti makampani afune chinthu chomwe boma lokha lingapereke, ndipo boma lisachipereke chaulere. Chilolezo chothira madzi chidikire mpaka phula losakumbidwa litasiya kuwerengedwa ngati chikole, kampani iliyonse itayamba kusungitsa ndalama zenizeni pa mgolo uliwonse womwe yagulitsa, komanso mtengo woyeretsera utawerengedwa ndi akatswiri omwe salipidwa ndi migodi. Zoyeza madzi zikhale m'manja mwa a Athabasca Chipewyan ndi a Mikisew Cree, ndi mphamvu zotseka mpopi akaona cholakwika. A Athabasca Chipewyan adakasumira kale Alberta Energy Regulator ku khothi mu Malichi 2024, ndipo bungwe lomwe likuyankha mlandu wobisa kudontha kwa damu limodzi silingapatsidwe udindo woyang'anira madzi a madamu onse lili lokha.